Mlonda wosoka mitsamiro

Ine amene sindigona usiku
ndi amene ndikusoka mitsamiro.
Anzanga a pageti amandiseka,
akuti ndili ngati wogulitsa nyama
amene kwawo amadyera nkhwani.

A Makwinja, telala wa pakhonde la sitolo ku Chitakale,
amandisungira zidutswa m'jumbo lakuda.
Disembala makina awo sapuma,
aliyense akufuna chatsopano pa Khirisimasi,
ndipo zomwe sizasi yakana
zimagwa pansi kudikira ine.
Sindilipira ndalama.
Ndimawapatsa chinanazi chimodzi
n'kukhala pang'ono kumvera za bondo lawo lopweteka.

Fakitale ikatseka chitseko chachikulu
fungo la tiyi wouma limatsala panja ndi ine.
Chibonga pamwendo, tochi m'kamwa,
mvula ikuwomba ng'oma pa malata.
Phiri silioneka,
koma mitsinje yake ndimaimva ikutsika mokalipa.

Ndimakhuthula jumbo pa benchi.
Aka n'kabuluu ka yunifolomu ya pulayimale,
aka n'koyera, kotsala pa bulauzi ya amayi a Mvano.
Kanyezinyezi aka n'ka diresi ya ukwati
womwe unatha chimanga chisanamasule ngayaye.
Apa pali theka la nkhope ya wandale,
diso limodzi ndi khutu;
ndalilumikiza ku nsalu ya chipani chinzake
ndipo agonerana phee, osatukwanana.

Singano ndinaiphunzirira pa masaka a tiyi,
n'chifukwa chake masokedwe anga ndi otalikirana
ngati mapazi a munthu wothawa galu.
Koma ulusi ndimaupinda kawiri.
M'kati ndimaikamo usufu
wa mtengo wa kuseri kwa chigayo,
njere ndimazichotsa imodziimodzi
kuti zisakabaye munthu m'maloto.

Loweruka ndinayala isanu ndi iwiri ku Limbuli,
pakati pa wa zigumu ndi wa mabatire.
Mayi wina anaima osalankhula,
chala chake pa kachigamba kakhaki ka mizere yobiriwira.
"Awa ndi malaya a malemu bambo a kunyumba.
Ndinakawachepetsa kwa telala kuti mwana azivala."
Mtengo ndinauiwala.
Ndinati tengani, iwo anakana,
anasiya ndalama pa mphasa ndi mazira awiri,
mtsamiro n'kuubereka kumbuyo ndi chitenje
ngati khanda.

Umodzi sindinautulutse m'chikwama.
Ndi wa Esinala, amene ali ku Joni chaka chachinayi.
Pakati pake ndinaikapo maluwa achikasu
a diresi yomwe ankavala popita ku Sande sukulu,
mayi ake anaisunga pansi pa sutikesi
mpaka njenjete zinatisiyira kachigamba kokwana chikhatho.
Lachitatu foni inalira:
"Ababa, chaka chino sinditha, mapepala sanatuluke."
Ndinati palibe kanthu mwanawe,
kuno tili bwino, mvula ikugwa.

Usiku wa Khirisimasi ndinali pa ntchito.
Kumalayini wailesi zimapikisana,
ana akuphulitsa makombola,
wina woledzera akuimba nyimbo ya kwaya
mawu ake akugwa m'ngalande n'kudzukanso.
Cha m'ma fili koloko zonse zinati zii.
Ndinautulutsa kuti ndione ngati msoko wagwira,
n'kuikapo tsaya,
kungoyesa chabe, monga wophika amalawira mchere.

Ndinadzidzimuka ndi ndodo ya kapitawo pa zenera.
Kunja kunali kutayera,
phiri lonse lili poyera, losambitsidwa,
othyola tiyi palibe, mizere yokhayokha ikudontha.
Anandilemba m'buku. Andidula tsiku limodzi.

Sindinadandaule.
Zaka khumi ndi ziwiri pageti ili
tulo sitinandipezepo,
ndiye katunduyu ndi weniweni.
Ndamutumizira uthenga Esinala
kuti mtsamiro wake ndauyesa, ukugwira ntchito,
afulumire ndisanachotsedwe.